HIV sitiyezera pagalasi, lembaniko za PEP ndi maola 72

Akonzi,

Zikomo pondipatsako kampata mu nyuzipepala yathuyi. Ine ndine mayi wa kuno ku Mangochi, ndimagulitsa mu kashopu ka mankhwala, sindine dokotala ayi olo anthu amakonda kundiitana choncho. Chandilembetsa kalatayi ndi anthu omwe agona ndi munthu puleni, kapena kondomu inaphulika kaya kuvuka, nde mmalo mothamangira kuchipatala amakhala pakhomo nkumadzifufuza thupi kuti aone ngati HIV yayamba kuoneka. Amenewa ndi ambiri kuposa mmene mukuganizira akonzi, ndipo si achinyamata okha ayi, muli azibambo a mabanja awo, muli azimayi ogula usipa kumadoko, aphunzitsi, akabaza, ngakhale anthu opemphera omwe simungawaganizire nkomwe. Inu a nyuzipepala za Edzi mumalemba ikafika 1 Disembala basi, mumajambula akuluakulu atavala matisheti akuguba, koma chinthu chomwe chingapulumutse munthu mkati mwa masiku atatu oyambirira sindichiona chikulembedwa pooneka.

Mmene zimakhalira ndi chonchi. Zachitika Lachisanu usiku, kaya ku Monkey Bay kaya ku resitihausi ina pa boma pano. Loweruka wadzuka mutu ukuwawa, amene ndi matsire chabe a zomwe anamwa dzulo lake, koma mtima wayamba kale kugunda. Lamulungu wagula bandulo, wafunsa Google zizindikiro za HIV, Google yamupatsa mndandanda wautali, kutentha thupi, zilonda zapakhosi, totupa, mwanabere, kutsegula mmimba, nde iye akuwerenga uku akudzigwira pakhosi, akutulutsa lilime pagalasi kuunika ndi tochi ya foni. Kwa ine amafika Lachitatu kapena sabata inayo, amayamba wazungulirazungulira panja kudikira kuti makasitomala ena atuluke, kenako motsitsa mawu, anti muli ndi batirimu, kapena anti mulibeko mankhwala otsuka magazi? Ndikafunsa kuti achimwene chavuta nchani mpamene nkhani imatuluka pang'onopang'ono, ndipo funso langa loyamba limakhala lakuti zachitika liti. Akatchula tsiku lake mtima umandiwawa, chifukwa nthawi yomwe akanathandizidwa kwaulere wayithera pagalasi.

Kuchipatala kuli mankhwala otchedwa PEP. Ndi ma ARV omwewa, koma amapatsidwa kwa munthu yemwe alibe kachilombo amene akuopa kuti mwina kamulowa posachedwapa. Ayenera kuyambidwa asanathe maola 72 chichitikireni zinthuzo, ndipo amamwa tsiku ndi tsiku kwa masiku 28 osadumphitsa. Maola 72 wo ndi malire otsiriza, sikuti muzidikira akwane ayi, kuyamba usiku womwewo kapena mmawa mwake nkwabwino kwambiri kuposa tsiku lachitatu. Ngati zachitika Lachisanu cha mma 11 usiku ndekuti ikamakwana 11 usiku Lolemba basi nthawi yatha. Chifukwa chake nchakuti kachilomboka kakalowa sikafalikira thupi lonse pompo, kamayamba kaye kaswana pomwe kalowerapo kenako nkufalikira mmagazi, nde mankhwalawa akakapeza kasanakhazikike amakatsekereza kuti kasaswane. Zili ngati bwato likayamba kulowa madzi, kukapa kumathandiza madziwo akadali mmapazi. Kuchipatala cha boma salipiritsa. Amayamba akuyezani kaye kuti aone ngati munalibe kale kachilombo, chifukwa yemwe ali nako kale safunika PEP koma ma ARV a moyo wonse. Ena akamamwa amamva nseru, mutu kapena kusowa tulo masiku oyamba, koma chiyambire 2019 pomwe dziko lino linasinthira ku mankhwala okhala ndi dolutegravir zinthu zinapepuka kusiyana ndi akale olotetsa maloto oipa aja. Ndipo chonde, kubwereka mapilisi atatu a ma ARV kwa mnzanu kapena kwa azakhali si PEP imeneyo, mukungomuperewetsa mwiniwakeyo mankhwala ake inunso osatetezeka.

Ndikudziwa ena anena kuti anti inu mukuyankhula choncho poti muli pa boma. Nzoona. Zinthuzi zimachitika kwambiri wikendi, ndipo wikendi yomweyo mpamene tizipatala ting'onoting'ono timakhala ndi munthu mmodzi yekha pa ntchito, chipinda cha ma ARV chokhoma, mnyamata nkumachita manyazi kuuza mlonda wa pageti chomwe wabwerera. Wina anandiuza kuti anafika pa chipatala china Loweruka masana nkuuzidwa kuti abwere Lolemba, Lolemba lakelo anapeza mzere, anthu omudziwa ali pomwepo, anangotembenuka nkubwerera. Zimenezi siziyenera kuchitika, PEP ndi thandizo la changu, si la bwerani Lolemba. Boma lathuli ndi lalikulu, munthu wa ku Makanjira kapena ku Lulanga kuti afike pa chipatala chachikulu nthawi ya mvula ndi ulendo wa tsiku ndi ndalama zosaneneka, nde mankhwalawa akuyenera kupezeka pafupi ndipo namwino aliyense yemwe ali pa ntchito usiku akhale ndi kiyi wake. Kwa owerenga, mukabwezedwa pena musakagone, pitani pena, tili ndi chipatala cha Monkey Bay, cha St Martin's ku Malindi, cha Mulibwanji ku Namwera ndi chachikulu pa boma, mukafika nenani mosazungulira kuti ndabwerera PEP, zachitika tsiku lakuti nthawi yakuti. Zoopa kuti anesi akalengeza mmudzi, dziwani kuti lamulo la za HIV la 2018 limaletsa kuulula za munthu mwachisawawa komanso kumusala.

Tsopano za zizindikiro zomwe zikuwasowetsa anthu tulozi. HIV sionetsa chizindikiro mawa lake olo mkuja. Munthu akatenga kachilombo, ngati zizindikiro zingabwere, zimabwera pakatha masabata awiri mpaka anayi, ndipo zimakhala kutentha thupi, pakhosi kuwawa, kuphwanya mthupi, mutu, totupa pachifuwa kapena kumsana, mwanabere mkhosi kapena mkhwapa, nthawi zina tizilonda mkamwa, kenako zimatha zokha pakapita sabata kapena awiri. Nde tandiuzani akonzi, kuno ku Mangochi ndani yemwe chaka chimatha osamva kutentha thupi ndi kuphwanya? Udzudzu wa kunyanja ndi wa ku Malombe tikuwudziwa, malungo amayamba chimodzimodzi, chimfine chimodzimodzi. Wina amati anti ndikutuluka thukuta usiku, mu Okutobala, ku Mangochi, mnyumba ya malata yopanda siling'i, mawindo otseka kuopa akuba, mwati asatuluke thukuta? Totupa ta kutentha tomwe timatuluka ana mkhosi akulunso timawatuluka. Mwanabere amatha kubwera ndi dzino lobooka kapena kachilonda ka kuphazi, ndipo munthu akamangodzidina pakhosi kosalekeza pamayamba kuwawa ndithu chifukwa cha zala zake zomwezo.

Mantha pawokha amadwalitsa. Mkamwa mumauma lilime nkuyera, nsima osalowa, mmimba mumatsegula, mtima kuthamanga, tulo osabwera, pakatha masabata awiri lamba wayamba kukhwepa nde munthu amati mwaona ndayamba kuwonda. Akuwonda chifukwa sakudya. Kuwonda kwa Edzi komwe tinkaona kale kuja, chifuwa chachikulu, kutsegula mmimba kwa miyezi, zimenezo zimabwera patatha zaka munthu ali ndi kachilombo osamwa mankhwala, ena mpaka zaka khumi, osati masabata awiri. Ndiye magulu a pa WhatsApp ndi Facebook amangowonjezera, munthu amatumiza chithunzi cha lilime lake mgulu kuti anzanga kodi ichi nchani, ayankhe anthu aliyense zake, wina basi wapita ameneyo, wina imwa adyo ndi mandimu, wina ndiimbire ndili ndi achikuda otsuka mthupi. Palibe dokotala olo wa ku Queens ku Blantyre yemwe angaone chithunzi cha lilime nkudziwa kuti apa pali HIV.

Koma ndisakunamizeni kuti zonse ndi malungo. Anthu ambiri omwe atenga kachilomboka samva kalikonse, kapena amamva pang'ono osalabadira, nde kusamva kanthu sikuti mwapulumuka. Komanso ngati patha masabata awiri kapena atatu chigonereni puleni ndi munthu yemwe simukudziwa mmene alili, nde thupi latentha kwambiri, totupa, pakhosi, kukayezetsa malungo osapezeka, musangogula LA ndi panado nkukhala duu, muwauze achipatala zomwe zinachitika kuti adziwe poyambira ndipo akupatseni tsiku loti mubwerenso. Masabata oyambawa mpamene tizilombo timakhala tambirimbiri mmagazi ndi mu umuna, mpamene munthu amapatsira mnzake mosavuta kwambiri, chonsecho zoyezera wamba zikuonetsabe kuti alibe.

Apa nde pali nkhani yomwe azibambo safuna kuyimva. Mwayenda kumbali, mwabwera kunyumba, mayi akunyumba sakudziwa kanthu, mwina ndi oyembekezera kapena akuyamwitsa. Ndikawauza kuti bambo mpaka mutatsimikiza zotsatira gwiritsani kondomu kunyumba kapena pumulani kaye, amandiyang'ana ngati ndatukwana, amati anti ndikayamba bwanji, zaka zonsezi sitinagwiritsepo, akandifunsa kuti lero zachokera kuti ndikati chani. Nde ine ndimati funso limenelo ndi lowawa inde koma mkangano umatha, pomwe mayi akatenga kachilombo ali ndi pakati kapena akuyamwitsa mpata wopatsira mwana umakhala waukulu kwambiri chifukwa tizilombo timakhala tochuluka nthawi imeneyo, ndipo kusikelo anamuyeza kale nkumupeza alibe, palibe yemwe akumuganizira. Malawi ndi dziko lomwe mu 2011 linayambitsa ndondomeko yoti mayi aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa wopezeka ndi kachilombo ayambe ma ARV a moyo wonse, maiko ena anatengera kwa ife, ana ambirimbiri abadwa opanda kachilombo chifukwa cha zimenezo, nde nzomvetsa chisoni kuti mwana akatengere kubere chifukwa bambo ake anaopa kukangana usiku umodzi. Ena amanamizira kuti adokotala andiletsa ndikumwa mankhwala a likodzo, kaya, za bodzazo ine ndilibe nazo gawo, bola mayiyo atetezeke. Azimayi omwe amuna awo ali ku Joni nawonso nkhani ndi yomweyi mbali zonse ziwiri, Disembala ikafika katundu watsika, mafiriji ndi maplasma, koma zoti titengane tikayezetse tisanalowe kuchipinda palibe amayerekeza kuzinena.

Kuyezetsa nakonso kuli ndi nthawi yake. Zoyezera za mzipatala zathu zobaya pachala zija, zomwe zotsatira zimatuluka pa mphindi 15 kapena 20, sizifufuza kachilombo kenikeniko koma asilikali omwe thupi limapanga pofuna kulimbana nako, ndipo thupi limatenga masabata kuti liwapange okwanira kuoneka. Nde mukayezetsa mawa lake zotsatirazo zikukuuzani mmene munalili musanakumane ndi munthuyo, nzofunikabe kudziwa koma za usiku umenewo sizikunenapo kanthu. Ambiri omwe atenga amayamba kuonekera pakatha mwezi kapena mwezi ndi theka, koma kuti mtima ukhale pansi ndi kuyezetsa patatha miyezi itatu, zikatuluka kuti mulibe ndipo pakatipo simunapangenso zina, nkhani yatha. Ndaonapo anthu oyezetsa pa boma, mawa ku Koche, mkuja ku Namwera, konseko akuuzidwa chimodzimodzi koma iye akuti zoyezera zikulakwitsa chifukwa pakhosi pakundiwawabe. Ameneyo chomwe akufunika ndi phungu woti akhale naye pansi, osati kubayidwanso. Ngati munthu munagona nayeyo mukumudziwa ndipo mumayankhulana, kutengana kukayezetsa limodzi kumachepetsa nkhawa kwambiri, kungoti nayenso ngati watenga posachedwa sizioneka. Ka OraQuick kodziyeza wekha kopaka ku nkhama kaja nkabwino kwa amanyazi, mumawerenga pakatha mphindi 20, koma nakonso kamafuna miyezi itatu yomweyo, ndipo kakaonetsa mizere iwiri musathamangire kulira, pitani akatsimikize ndi zoyezera zina. Yemwe akumwa PEP asakadalire, abwerere kuchipatala pa masiku omwe amulembera mbuku. Ndipo poti kamayeza mkamwa ena ayamba kunena kuti ndekuti malovu amapatsira, ayi, kupsompsonana, kudyera mbale imodzi, udzudzu, kusambira limodzi mnyanja, zonsezi sizipatsira HIV.

Funso lomwe aliyense amafunsa ndi lakuti anti ndiuzeni zoona, kamodzi kokhako ndatenga? Palibe angakuyankheni osayeza, koma ziwerengero zilipo. Bungwe loona za matenda la ku America la CDC limati mwamuna akagona popanda kondomu ndi mkazi yemwe ali ndi kachilombo ndipo sakumwa mankhwala, pa maulendo 10,000 otere pafupifupi 4 ndi omwe amathera potenga, kwa mkazi wogona ndi mwamuna yemwe ali nako ndi 8 pa 10,000, pomwe wogonedwa kumbuyo ndi 138 pa 10,000. Nde kamodzi sikuti basi watenga ngati mmene ambiri amaganizira, ambiri omwe amabwera akunjenjemera mapeto ake amapezeka alibe. Koma manambalawa ndimachita nawo mantha kuwauza anyamata ena chifukwa amangomva mbali yowakomera. Amenewo ndi apakatikati chabe, amakwera kangapo ngati winayo wangotenga kumene, ngati pali zilonda kumaliseche, ngati panali kukakamizana kapena magazi, ndi zija zoika mankhwala oumitsa zomwe zimachititsa kuti mkati muchekeke. Ndipo alipo anthu anatenga ulendo woyamba womwewo.

Chomwe chimandidabwitsa ndi mmene anthu amasankhira womuopa. Mnyamata amabwera misozi ili mmaso chifukwa wamva kuti mayi anagona nayeyo amakalandira mayunitsi kuchipatala, koma yemweyo sada nkhawa ndi mtsikana wonenepa wowala yemwe sanayezetsepo chibadwire. Chonsecho zili mosemphana. Munthu yemwe akumwa ma ARV mokhulupirika mpaka tizilombo tachepa osaonekanso poyeza sapatsira mnzake pogonana, ndi uthenga uja a zaumoyo akumati T=T, tizilombo tochepa ndi thanzi. Kafukufuku wa za HIV wa mdziko lonse lino wotchedwa MPHIA wa 2020 mpaka 2021 anapeza kuti akuluakulu pafupifupi 9 pa 100 alionse mdziko muno ali ndi HIV, azimayi 10.5 azibambo 7.1, ndipo mwa onse omwe ali nako pafupifupi 87 pa 100 tizilombo tinali totsika. Nde woopsa kwambiri si uja mumamuloza pa mzere wa ma ARV ayi, ndi uja sakudziwa, kapena uja anasiya kumwa atapita kukaweza miyezi kutali ndi chipatala chake, kapena anapita ku Joni opanda kalata yosamutsira mankhwala atha nkungokhala. Sindikuti munthu akangonena pakamwa kuti ndimamwa bwinobwino basi mukhulupirire, ngati mukukaika pitani mukafotokoze, achipatala aone okha ngati PEP ikufunika.

Kuno kwathu kulinso kudzinamiza kwina kwakuti ine ndinapita kujando sindingatenge. Mdulidwe umathandiza, kafukufuku wa ku South Africa, Kenya ndi Uganda pakati pa 2005 ndi 2007 anaonetsa kuti umachepetsa mpata woti mwamuna atenge kwa mkazi ndi pafupifupi 60 pa 100, koma 40 yotsalayo ikadalipo, ndipo angaliba ena sachotsa khungu lonse ngati mmene amachitira kuchipatala. Ikanakhala kuti jando imatseka zonse bwenzi Mangochi yense mulibe kiliniki ya ma ARV. Zosamba ndi sopo mukangomaliza, kukodza msanga, kutsukira Coca-Cola kapena mandimu, kumwa kachasu kuti aphe tizilombo, palibe chomwe zimachita, mandimu ndi sopo mkati mwa mzimayi zimangowonjezera kuchekeka. Batirimu yemwe amamufuna kwambiriyo, anthu anaona kuti omwe ali pa ma ARV amalandira nkuganiza kuti amapha HIV, chonsecho amapatsidwa kuti awateteze ku matenda ena ongopezerapo mwayi monga chibayo, kachilomboko sakakhudza nkomwe. Ine sindigulitsa popanda kalata ya dokotala, ena amakwiya nkukagula kwa mavenda ogulitsa makapusozi padzuwa pa msika, nde mawa akadzadwala zenizeni mankhwala osagwiranso.

Zomwe zimaoneka msanga mmasiku oyambirira ndi matenda ena, ndipo amenewa anthu amawanyozera poti maganizo onse ali pa HIV. Kumva kuotcha pokodza ndi mafinya pakatha masiku awiri mpaka sabata nthawi zambiri ndi chinzonono. Kachilonda kosawawa kotuluka pakatha masabata atatu kenako nkuzimiririka kokha kamatha kukhala chindoko, kuzimiririkako sikuchira ayi chimangolowa mkati, ndipo kwa mayi woyembekezera chimatha kupha mwana mmimba. Mabomu nawo alipo. Onsewa amachizika kuchipatala koma muchizidwe nonse ndi mnzanuyo apo ayi muzingobwezerana, ndipo zilondazo ndi zomwe zimapatsa HIV polowera. Ndiye ife a kunyanja tilinso ndi likodzo, lomwe silibwera ndi kugonana koma ndi madzi omwe timasamba ndi kuchapamo tsiku ndi tsiku, limatulutsa magazi mmikodzo ngakhale mu umuna, kwa azimayi limapanga tizilonda mnjira ya chiberekero tofanana ndi matenda opatsirana, mabanja nkumakangana kunamizirana chiwerewere chonsecho ndi nkhono za mnyanja, ndipo ofufuza akuti mzimayi wa tizilonda timeneti amatenga HIV mosavuta. Mankhwala ake ndi praziquantel aja amagawa msukulu. Atsikana musaiwalenso za mimba, mankhwala olera a pangozi amagwira bwino akamwedwa msanga mkati mwa masiku atatu omwewo, koma amenewo ndi a mimba basi HIV sateteza, PEP nayo siteteza mimba, nde mufunse zonse ziwiri.

Wogwiriridwa, kaya mwana kaya wamkulu, olo wamugwirira akhale wachibale, ayambe kuchipatala tsiku lomwelo. Zokambirana za pabanja, zodikira amalume abwere kuchokera ku Katuli kapena amfumu aweruze, zimangotha maola aja, milandu idzakambidwa pambuyo. Komanso azimayi anzanga a kumadoko, ku Msaka, Malembo, Makawa ndi kwina, tisanamizane, usipa ukavuta tikudziwa zomwe ena amapempha kuti akugulitseni. Sindikuweruza munthu, ana akufuna kudya. Koma ngati zimenezi zikuchitika kawirikawiri PEP ya mwezi ndi mwezi si njira, kuli PrEP yomwe amamwa munthu wopanda kachilombo zinthu zisanachitike, kafunseni, ndipo kondomu muzinyamula nokha mchikwama osadalira kuti msodzi akhala nayo.

Mantha onsewa ndikuwamvetsa komwe amachokera. Ife amene tinakula mzaka za mma 1990 tinaona maliro otsatizana, chiyambire 1985 pomwe matendawa anapezeka koyamba mMalawi wosauka analibe chomuthandiza mpaka 2004 pomwe ma ARV aulere anayamba mzipatala za boma, chaka chomwechonso a Bakili Muluzi ali pulezidenti ananena poyera kuti mchimwene wawo anamwalira ndi Edzi, zomwe nthawi imeneyo anthu sankanena. Ana athu sanazione zimenezo koma mantha ake tinawapatsira. Lero olo zitatuluka kuti muli nako, chiyambire 2016 sadikiranso kuti chitetezo chitsike, mumayamba mankhwala pompo, pilisi limodzi patsiku, anthu akukwatira, akubereka ana opanda kachilombo, akupalasa bwato mpaka imvi. Koma mnyamata yemwe wadzitsekera mchipinda akuwerenga pa foni usiku wonse sakuziona zimenezi, ena amafika poganiza zodzipha asanayezetse nkomwe, nde makolo mukaona mwana wasintha chonchi, sakudya sakuseka, mufunseni mofatsa osayamba ndi kukalipa.

Nde pempho langa kwa inu akonzi ndi lakuti mutipatseko kabokosi kakang'ono mu nyuzipepala sabata iliyonse, osati Disembala yekha, kolembedwa zikuluzikulu kuti PEP, maola 72, masiku 28, ndi yaulere, kuyezetsanso pa miyezi itatu. Mutumizenso mtolankhani wanu ayende mzipatala za mmbali mwa nyanja Loweruka usiku aone ngati munthu angayipeze PEP yo, adzalembe zomwe wapeza. Mawayilesi athu ngati Dzimwe ndi Lilanguka aziulutsa mChiyao momwe chifukwa asodzi ambiri nyuzipepala siwafika. Eni maresitihausi ndi mabala omwe amaika makondomu pa kauntala amatenso kapepala komweko kuseri kwa chitseko cha chipinda chilichonse, ndi dzina la chipatala chapafupi chomwe chimathandiza usiku, a makomiti a mmadoko chimodzimodzi. Amanyazi aimbe ku Chipatala cha pa Foni afunse ali kuchipinda kwawo, palibe awaone nkhope. Ineyo kapepala kanga ndinamata kale pa kauntala pafupi ndi pomwe pamakhala panado, amene akufuna kukopera abwere ajambule ndi foni.

Ndine wanu,
Mayi wogulitsa mankhwala,
Mangochi.